Kalata yotseguka kwa Mkulu wa bungwe la MACRA: netiweki ikasowa, alipire ndani?

Wolemekezeka Bwana,

Ndakulemberani kuchokera ku Mulanje, kufupi ndi msika wa Limbuli, m'dera la Mfumu Yaikulu Njema. Ndine mlembi wa gulu la banki m'khonde, ndipo poti zilembo ndimaziona bwino, anthu a m'mudzi mwathu, makamaka achikulire, amabwera kwa ine ndi mafoni awo kuti ndiwawerengere mauthenga, ndiwagulire bandulo, kapena ndiwafufuzire komwe ndalama zawo zalowera. Madandaulo omwe ndimamva pakhonde panga ndi ambiri, ndipo eni ake sadziwa kuti angawatule kuti. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. N'chifukwa chake ndalemba.

Nkhani yanga ndi imodzi, Bwana, ngakhale ili ndi nthambi zambiri. Pa malonda a foni m'dziko muno, wogula akalakwitsa amalipira, ndipo nzoona ayenera kutero. Koma kampani ikalephera kupereka chomwe idagulitsa, wolipira amakhalanso wogula yemweyo. Lamulo la Communications Act la 2016 lidakupatsani inu udindo woteteza anthu ogwiritsa ntchito mafoni ndi intaneti. Kuno kwathu chitetezo chimenecho sitikuchiona.

Ndiyambe ndi bandulo, poti ndi pomwe pakuwawa tsiku ndi tsiku. Anthu ambiri kuno sagula bandulo ya mwezi. Mayi wothyola tiyi ku esiteti, mnyamata wa kabaza, bambo wogulitsa nanazi m'mbali mwa msewu wa ku Muloza, onsewa amagula ya tsiku limodzi kapena ya sabata, poti ndi yomwe thumba lawo likwanitsa. Akangogula, wotchi imayamba kuyenda. Wotchiyo siima magetsi akazima, siima jenereta ya pa nsanja ya netiweki ikatha dizilo, siima foni ikamangozungulira osatsekula kalikonse. Mawa lake nthawi ikakwana, uthenga umafika wonena kuti bandulo yatha, pomwe mwini wake sadaone ngakhale chithunzi chimodzi cha mdzukulu wake wa ku Joni. Chodabwitsa n'choti uthenga wonena kuti bandulo yatha umafika nthawi yake, osachedwa ndi mphindi yomwe.

Sindikunena kuti makampani amazimitsa netiweki mwadala. Ndikudziwa kuti nsanja imadya magetsi, ndipo tonse tidaona momwe dziko lidakhalira mumdima namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Ndikudziwanso kuti mafuta akhala akusowa, kuti zipangizo amagula kunja ndi ndalama zakunja, ndi kuti kwacha idatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndipo phiri lathuli, lomwe nsonga yake ya Sapitwa imapitirira mamita 3,000, limatchinga mafunde, moti midzi ya m'zigwa ndi m'tsinde mwa phiri imakhala pamthunzi wa netiweki. Zonsezi n'zoona. Koma palibe chimodzi mwa izi chomwe adachititsa ndi mayi wothyola tiyi uja. Nanga n'chifukwa chiyani katundu yense wa mavutowa akusenza ndi iye?

Kampani imadziwa ola ndi mphindi yomwe nsanja yakuti idazima, ndi nthawi yomwe idayakanso. Imadziwanso masimukhadi omwe amalumikizika pa nsanja imeneyo, chifukwa popanda kudziwa zimenezo foni siingalire munthu akakuimbira. Choncho kuonjezera maola omwe atayika pa bandulo ya aliyense wa m'deralo si chinthu chofuna kuti munthu akachite kupempha ku ofesi. Makompyuta omwe amadula ndalama mosaphonya angathenso kubweza nthawi mosaphonya. Chikusowa ndi lamulo lowakakamiza, ndipo lamulolo lili m'manja mwanu.

Palinso funso lomwe ndimafunsidwa kawirikawiri ndipo ndimasowa poyankhira: kodi data yomwe akuti ndagwiritsa ntchito, waiyeza ndani? Ife tikamagulitsa nandolo, sikelo imakhala poyera, wogula ndi wogulitsa onse akuyang'ana muvi wake, ndipo a Malawi Bureau of Standards ali ndi udindo woyendera masikelo kuti asamabere anthu. Sikelo ya data ili m'nyumba mwa wogulitsa, amaiwerenga yekha, ndipo ife timangouzidwa zotsatira. Zaka zoposa khumi zapitazo bungwe lanu lidagula makina otchedwa CIRMS, omwe anthu adawatcha makina aukazitape, ndipo nkhani yake idakhalitsa m'makhoti. Chimodzi mwa zifukwa zomwe mudapereka pogula makinawo chidali choti muzitha kudziyezera nokha momwe makampani akutumikirira anthu, osangodalira malipoti awo. Ngati mukuyezadi, tiuzeni zomwe mukupeza. Osati chiwerengero chimodzi cha dziko lonse, chomwe Blantyre ndi Lilongwe zimachikometsa, koma boma ndi boma, dera ndi dera: ku Nkando mafoni odukira panjira ndi angati pa 100 alionse, ku Chambe netiweki idasowa maola angati mwezi watha, ku Muloza liwiro la intaneti ndi lotani madzulo. Muziulutse m'Chichewa pa wailesi, kuphatikizapo wailesi za m'madera monga Mzati FM, poti nyuzipepala kuno safika nayo ambiri.

Sindiiwala kuti mu 2020, anthu atafuula kwambiri kuti mtengo wa data utsike, mudakhala pansi ndi makampani ndipo mtengo wogwiritsa ntchito intaneti popanda bandulo udatsikadi. Pamenepo tidaona kuti mukafuna, zimatheka. Koma vuto lija likadalipo mwa mtundu wina. Bandulo ikatha munthu asakudziwa, foni imalumphira pa mayunitsi n'kuyamba kuwamwa. Gogo yemwe adasunga mayunitsi oti aimbire mwana wake ku Blantyre amapeza mwatsala ziro, ndipo amakhulupirira kuti mdzukulu wamubera. Ndaona makangano a m'banja oyambira pamenepa. Ku South Africa, komwe ana athu ambiri ali, bungwe longa lanu la ICASA lidakhazikitsa malamulo mu 2019 oti kampani isadule mayunitsi a munthu pa intaneti bandulo ikatha pokhapokha mwini wake atavomera, kuti azichenjezedwa bandulo ikamatsika, ndi kuti data yotsala azitha kuisunga kapena kupatsa mnzake. Si zochokera kumwamba zimenezi. Adachita ndi anansi athu.

Pafupi ndi zimenezi pali tindalama tomwe timadulidwa tsiku ndi tsiku pa zinthu zomwe munthu sakumbukira kuti adazivomera: nyimbo yolira wina akamakuimbira, mauthenga a mpira, malangizo a chikondi, masewera a mwayi. Kulowamo n'kudina batani limodzi, nthawi zina mwangozi foni ili m'thumba kapena ili ndi mwana. Kutulukamo kumafuna munthu wodziwa Chingelezi ndi woleza mtima. Pakhale nambala imodzi yaifupi, yofanana pa makampani onse, yoti munthu akaidina aone zonse zomwe zikumudula ndalama n'kuzichotsa nthawi yomweyo. Kuti makampani amatha kulakwira makasitomala awo pa tinthu tooneka tating'ono si mphekesera: mu 2021 bungwe la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) lidalamula Airtel Malawi kulipira chindapusa cha K2.1 biliyoni pa nkhani ya bonasi ya Khethekhethe, ngakhale kampaniyo idatsutsa chigamulocho. Tindalama ta munthu mmodzi n'tochepa, koma tikaphatikizidwa pa anthu mamiliyoni timakhala chuma.

Tsopano ndifike pa ndalama za pafoni, poti apa ndi pomwe misozi imagwa. Airtel Money ndi TNM Mpamba zatithandiza, ndipo sindingabise. Kale ndalama yochokera kutauni inkayenda ndi kondakitala wa minibasi, mtima uli m'mwamba. Lero gulu lathu limalandira zopereka za mamembala omwe ali kutali osadikira kuti abwere. Koma zinthu zikasokonekera, munthu wa kumudzi amakhala yekhayekha. Mayi wina wa m'gulu lathu adapita kwa ejenti kukatapa ndalama zomwe mwana wake adatumiza kuti agulire mankhwala. Netiweki idadukira pakati. Ku foni yake ndalama zidachoka, kwa ejenti sizidafike. Ejenti sakadamupatsa ndalama zomwe sadazione, ndipo sindimuimba mlandu, poti nayenso fuloti yake ndi mpamba wake wonse. Tidaimba ku nambala yothandizira makasitomala, tidamvera nyimbo mpaka batire kutsala pang'ono kutha, ndipo titamupeza munthu adati tidikire masiku angapo ogwira ntchito. Ndalamazo zidabwera ndithu, koma patapita nthawi, mayiyo atakongola kale kwa katapila. Chiwongoladzanja cha katapilayo palibe adamubwezera.

Akakuuza kuti pitani ku shopu yathu, Bwana, amaiwala kuti Mulanje ndi boma la anthu oposa 680,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa iwo ali kutali ndi Chitakale kapena ku Boma. Ulendo wopita ndi kubwera pa njinga yamoto umatha kudya ndalama yofanana ndi yomwe munthu akukadandaulayo. Ambiri amangosiya. Ndiye m'mabuku a kampani madandaulo amaoneka ochepa, ndipo malipoti ofika pa tebulo lanu amaoneka oyera.

Ndikudziwa kuti nkhani za ndalama za pafoni zimayang'aniridwa ndi Reserve Bank, za malonda achinyengo ndi CFTC, za umbava ndi apolisi, ndipo inu mumaona za netiweki. Koma kugawana ntchito kumeneko n'kwa inu a m'maofesi. Munthu yemwe ndalama zake zasowa ali ndi foni imodzi ndi vuto limodzi. Musamuyendetse makomo anayi. Gwirizanani kuti pakhale khomo limodzi, lofikirika pa foni ya mabatani, lolankhula Chichewa, lomwe lipatse munthu nambala ya dandaulo lake ndi tsiku loti ayankhidwe, ndipo tsikulo likadutsa kampani ilipire kenakake pamwamba pa ndalama zake. Ndipemphenso kuti maofesala anu azibwera ku maboma pa masiku odziwika, n'kukhala pa bwalo la DC kapena pamsika, kumva anthu ndi makutu awo.

Za akathyali a pafoni mwina mwatopa nazo kumva, koma ife tikuberedwabe. Mu 2018 mudalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe ndi chitupa cha unzika, ndipo yosalembetsa idzatsekedwa. Tidaima pa mizere padzuwa, tidamvera, poti mudatiuza kuti zikatero wakuba pafoni adzadziwika. Lero mauthenga aja akubwerabe: ndalama ija mutumize pa nambala iyi, mwawina mphoto, mwana wanu wadwala kusukulu, dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo koma mutumize kaye ya fomu. Ena amaimba n'kudzitcha ogwira ntchito ku kampani ya foni, n'kumunyengerera munthu mpaka atchule nambala yake yachinsinsi. Apolisi akhala akunena poyera kuti ambiri mwa akathyaliwa amachitira zimenezi ali m'ndende ya Zomba. Ngati wandende ali ndi masimukhadi ambirimbiri ogwira ntchito, ndiye kuti alipo akuwalembetsa ndi zitupa za eni ake osadziwa. Kodi munthu angadziwe bwanji, pa foni yake yomweyo, kuti pa chitupa chake palembetsedwa manambala angati? Njira imeneyo ilengezedwe mpaka gogo aliyense aidziwe. Ndipo nambala ikanenezedwa ndi anthu angapo kuti ndi ya wakuba, itsekedwe tsiku lomwelo pamodzi ndi ndalama zili momwemo, osadikira kuti wakubayo akatape.

Chimandiopsa kwambiri n'choti akathyaliwa nthawi zina amamutchula munthu dzina lake lenileni, ndi mudzi wake. Amazitenga kuti? Maina athu ndi manambala athu tawasiya malo ambiri: m'mabuku a maejenti, pa mindandanda ya zithandizo, pa mafomu a ngongole, kwa anyamata olembetsa masimukhadi pansi pa ambulera pamsika, omwe amajambula chitupa chako ndi foni yawo n'kupita nacho kwawo. Lamulo la Data Protection Act la 2024 lidaika udindo woteteza zinsinsi zoterezi m'manja mwa bungwe lanu lomweli. Tikufuna kumva kuti mwayendera omwe amasunga maina athu, ndi kuti wopezeka akugulitsa kapena kutayirira mainawo walangidwa.

Mwina wina anganene kuti foni si nsima, yemwe yamutopetsa aisiye. Zimenezo zidatha. Boma lomwe ndi lomwe lidatilowetsa m'foni. Pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, kugula feteleza kudadalira kuti chitupa chiwerengedwe ndi foni yolumikizidwa ku netiweki, ndipo dziko lonse lidaona alimi akugona pa madepoti chifukwa choti netiweki yavuta, mvula ikugwa, chimanga chikudikira m'munda. Mayunitsi a magetsi a ESCOM timagula pafoni. Ndalama za mayeso a MANEB zikudzera njira zomwezi. Aphunzitsi ndi azaumoyo a kumidzi amaona malipiro awo pafoni asadawononge thiransipoti kupita ku banki. Pamwamba pa izo boma limatolera VAT, kuonjezapo msonkho wa 10 peresenti womwe lidaika pa mauthenga ndi data mu 2015. Chinthu chomwe boma likutikakamiza kugwiritsa ntchito, n'kumadyaponso msonkho, liyenera kuonetsetsa kuti chikugwira ntchito.

Ndipo ife a ku Mulanje tikudziwa kuti netiweki nthawi zina ndi moyo weniweni. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adatigwera, napolo adatsika m'phiri ndi miyala ndi matope, mitsinje idasefukira, milatho ndi misewu zidaduka. M'dziko muno anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo dera lathu lino la Njema ndi limodzi mwa omwe adalira kwambiri. M'masiku amenewo magetsi adazima, mafoni adatha moto, ndipo malo ambiri netiweki idasowa. Anthu adali pa zitunda osatha kuuza aliyense komwe ali. Abale a kutauni ndi a ku Joni adakhala masiku osadziwa ngati makolo awo ali moyo. Sindinena kuti nsanja ikadaimitsa madzi. Koma ndikufunsa: kuchokera nthawi imeneyo, mwalamula chiyani pa nsanja za m'maboma omwe anamondwe amafikako kawirikawiri, monga Mulanje, Phalombe, Nsanje ndi Chikwawa? Kodi pali lamulo loti nsanja iliyonse ikhale ndi mabatire kapena sola yoti ipirire masiku angapo magetsi atazima? Kodi pa nthawi ya ngozi, foni ya kampani ina ingathe kudzera pa nsanja ya kampani inzake yomwe yatsala chiimire? Dzinja likubwera chaka chilichonse, ndipo mafunsowa ayankhidwe mitambo isadachite bii.

Kuno kumalire kuli chinanso chomwe a ku likulu sachidziwa. Ukayandikira Muloza, moyang'anana ndi Milange, mafoni athu amakoka netiweki ya ku Mozambique, ndipo m'midzi ina ya m'malire yomveka bwino ndi ya tsidya lija. Anthu ena amasunga simukhadi ya Movitel kuti angolumikizana ndi anzawo. Mmalawi ali pa nthaka ya Malawi, koma kuti alankhule akudalira nsanja ya dziko lina. Lamulo lija la 2016 lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund kuti lifikitse mafoni ndi intaneti kumalo komwe makampani saonako phindu. Tiuzeni poyera ndalama zomwe zalowa m'thumbalo, nsanja zomwe zamangidwa, ndi midzi ya ku Mulanje yomwe ili pa mndandanda, kuti mafumu athu ndi makhansala akhale ndi pogwira akamatsatira.

Za mpikisano ndingonena mwachidule. Ziphaso mwapereka kangapo, kuphatikizapo cha Malcel mu 2022, koma pamsika wa Limbuli tikusankhabe pakati pa makampani awiri. Starlink idafika mu 2023, koma mtengo wa zipangizo zake si wa munthu wothyola tiyi. Pomwe wogula alibe kothawira, woyang'anira ndiye ayenera kukhala ndi mano.

Nditsirize ndi makampani akunja, eni Facebook, WhatsApp ndi TikTok, omwe kuno alibe ofesi ngakhale nambala yoti uimbe. Akaunti ya munthu ikabedwa, wakubayo amayamba kupempha ndalama kwa abale ake m'dzina lake, ndipo mwini wake amangodzaza mafomu a Chingelezi omwe sayankhidwa ndi munthu. Mtsikana zithunzi zake zikafalitsidwa ndi chibwenzi chakale, zimazungulira m'magulu a WhatsApp a boma lonse dzuwa lisadalowe, ndipo ena asiya sukulu ndi manyazi. Mawu otukwana ndi oopseza olembedwa m'Chichewa kapena m'Chilhomwe ukawaneneza, yankho limabwera loti sadapezemo cholakwika. Mapulogalamu awo amadzikonza okha usiku n'kumwa bandulo, makanema amadziyambitsa okha, ndipo mu Okutobala 2023 WhatsApp idasiya kugwira ntchito pa mafoni akale a Android, omwe ambiri kuno adagula pa kaunjika atasunga ndalama miyezi. Ndikudziwa kuti Malawi payekha ndi msika waung'ono kwa makampani amenewa. Koma muli ndi anzanu m'maiko a SADC omwe anthu awo akulira chimodzimodzi, ndipo Chichewa chimalankhulidwanso ku Zambia ndi ku Mozambique. Mukalankhula pamodzi angamve, n'kuika anthu odziwa zilankhulo zathu oti aziona madandaulo.

Apa ndinene zomwe zili kumtima kwanga, Bwana, mopanda chipongwe. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 timalimva kwambiri munthu akamangidwa chifukwa cholemba zonyoza akuluakulu pa Facebook kapena pa WhatsApp. Pamenepo ofufuza amapeza mwini nambala msanga. Kumayambiriro kwa 2025 tidamvanso kuti bungwe lanu likugula ku kampani ya ku Ghana makina a ndalama pafupifupi madola 1.5 miliyoni olondolera nkhani zabodza pa intaneti, ndipo mabungwe ambiri adadandaula. Nkhani zabodza n'zoipa, sindikana. Koma bodza lomwe likusaukitsa anthu a kuno ndi la wakuba wonena kuti mwana wako ali m'chipatala, ndi la bandulo yolembedwa kuti ya maola 24 pomwe yagwira ntchito maola owerengeka. Changu chomwe chimaoneka wamkulu akanyozedwa, tikuchifuna mayi wa ku Mathambi akaberedwa ndalama ya feteleza.

Kalatayi ndaiwerenga pamaso pa mamembala a gulu lathu ndisadaitumize, ndipo amayi adandiuza kuti ndionjezere chinthu chimodzi: yankho lanu lisabwere pa intaneti pokha, poti ambiri a iwo sadzaliona. Libwere pa wailesi, m'Chichewa, madzulo anthu ataweruka kumunda, ndipo mutsekule mafoni kuti akufunseni okha.

Ine wanu,

Mlembi wa gulu la banki m'khonde,
Limbuli, Mulanje